Chitseko n'chotsegula, nanga akazi a ku Tete akutsalira pati pa yunivesite?

Ndime 36 ya malamulo aakulu a dziko la Mozambique imanena mosabisa kuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo, pa ndale, pa chuma ndi pa chikhalidwe. Palibe sukulu yaukachenjede m'chigawo cha Tete imene inalemba kuti mtsikana asaphunzire za migodi kapena udokotala. Fomu yolembetsera ndi imodzi, mayeso ndi amodzi. Koma lowani m'kalasi ya uinjiniya muwerenge mitu, kenako mukasuzumire pa msonkhano wa akuluakulu a zamaphunziro: mukamakwera makwerero, akazi amanka nachepa. Tsankho limene likuvuta lero silipezeka m'buku la malamulo. Lili pa tsiku lolipira ndalama, pa chipinda chogona, pa malikisi amene ali m'manja mwa munthu mmodzi wopanda womuyang'anira, ndi pa zaka zimene ntchito ya uphunzitsi imafuna kuti munthu achoke pakhomo.

Masukulu alipo ndithu. UniZambeze, yomwe likulu lake lili ku Beira, ili ndi nthambi ya zaumoyo mumzinda wa Tete ndi ya zaulimi ku Ulongué, m'boma la Angónia. ISPT (Instituto Superior Politécnico de Tete), imene inakhazikitsidwa mu 2005, imaphunzitsa za migodi, za makompyuta ndi zowerengera ndalama. Ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kuli sukulu ina yaukachenjede ya zamagetsi ndi zamadzi. UniPúnguè, imene inabadwa mu 2019 pamene boma linagawa Universidade Pedagógica, ili ndi likulu ku Chimoio ndi nthambi ku Tete, kumene kulinso nthambi ya Universidade Católica. Maphunziro ambiri a kuno amatsatira chuma cha chigawo: malasha a ku Moatize, magetsi a ku Songo, ulimi wa kumapiri. Ntchito za malipiro abwino zili ku migodi ndi ku magetsi, ndipo ndi komwenso akazi amachepa kwambiri.

Ambiri amatayika asanafike n'komwe pa chipata. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti pafupifupi theka la akazi achikulire m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga, pamene mwa amuna ndi pafupifupi 27 pa 100 alionse. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2011 anapeza kuti 48 pa 100 alionse mwa akazi a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Kuyambira 2003 mpaka 2018 panali lamulo la unduna wa zamaphunziro lakuti mtsikana woyembekezera achoke m'kalasi ya masana azikaphunzira usiku, ndipo kwa mwana wa kumudzi woyenda mtunda wapansi, zimenezi zinali kumuchotsa sukulu. Lamulo loletseratu maukwati a ana osakwana zaka 18 linabwera mu 2019. Zaka zimenezi muzisunge, chifukwa zikufotokoza chinthu chimene anthu amadabwa nacho. Akazi amene lero akanakhala aphunzitsi a ku yunivesite, a zaka 30 mpaka 40, anadutsa ku sekondale nthawi imene malamulo akalewo ankagwira ntchito. Wina akamati "tinalengeza malo koma akazi oyenerera sanabwere", nthawi zina akunena zoona, koma sakufunsa kuti anathera kuti.

Palinso mphambano ya m'makalasi omaliza a sekondale, pamene wophunzira amasankha pakati pa letras (mbali ya zilankhulo ndi mbiri) ndi ciências (mbali ya sayansi). Mtsikana wa zaka 15 kapena 16 akauzidwa kuti masamu ndi fizikisi n'za anyamata, n'kusankha letras, watsekeratu khomo la uinjiniya ndi udokotala zaka ziwiri kapena zitatu mayeso olowera ku yunivesite asanafike, chifukwa mayesowo amafunsa maphunziro ogwirizana ndi kosi imene munthu akufuna. Uphungu umene umaperekedwa atamaliza kalasi 12 umabwera mvula itagwa kale.

Ndiyeno pali kalendala ya ndalama, imene anthu a mu ofesi saiganizira. Kulembetsa mayeso olowera kumachitika chakumapeto kwa chaka, mayesowo kumayambiriro kwa chaka chotsatira, ndipo wokhoza amafunika kulipira matrícula (ndalama yolembetsera dzina pa sukulu), ulendo ndi nyumba cha mu Febuluwale kapena Malichi. Kwa mlimi wa ku Tsangano, Macanga kapena Chifunde, imeneyo ndi miyezi imene ndalama yonse yalowa mu feteleza, nkhokwe yatsika, ndipo fodya ndi chimanga zikadali m'munda. Banja lokhala ndi ana awiri okhoza limagulitsa mbuzi kapena matumba a kachewere n'kukwanitsa mmodzi. Kawirikawiri amati mnyamata atsogole, mtsikana adikire chaka chamawa. Chaka chodikiracho ndi chimene chimabweretsa wofunsira mbeta.

Pa Chichewa mwana wamkazi si wonyozeka. Ndiye mbumba, ndiye amasunga mudzi, ndipo atsibweni ake ali ndi mawu pa za tsogolo lake. Koma ulemu womwewo ndi chingwe. Mayi akadwala, amene amaitanidwa kudzadwazika ndi iye, osati mlongo wake. Pa maliro mnyamata amafika, kuika, madzulo n'kukwera chapa kubwerera ku sukulu. Mtsikana amatsala pa moto, pa mtondo ndi pa chitsime mpaka anthu atabalalika, ndipo sabata imeneyo ikagwera pa mayeso a pakati pa semesita, cadeira, ndiko kuti phunziro la semesita imeneyo, yapita.

Wofika mumzinda amakumana ndi nkhani ya pogona. Malo m'nyumba zogona za sukulu ndi ochepa, choncho ambiri amachita lendi kachipinda kapena kukhala kwa achibale. Mnyamata wokhala kwa amalume ake amapatsidwa mphasa ndi mbale. Mtsikana amapatsidwanso tsache, mphika, ndowa ndi mwana wobereka. Akadzuka 4 koloko kutunga madzi ndi kukonza ana a eni nyumba, n'kubwerako madzulo kudzaphika, maola atatu kapena anayi pa tsiku apita, ndipo ndi maola omwewo amene mnzake wa m'kalasi akuwerenga. Pa semesita imodzi amenewo ndi maola mazanamazana. Onjezani kutentha kwa mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala, pamene kumapitirira madigiri 40 ndipo kuwerenga masana m'chipinda cha malata n'kosatheka. Nthawi yabwino yowerenga ndi usiku, ku laibulale kapena pagulu ndi anzake, koma mtsikana wobwera usiku amafunsidwa kumene anali. Amene amaphunzira pós-laboral, makalasi a madzulo olipira mwezi ndi mwezi, amaweruka usiku machapa atachepa. Wokhala tsidya lina la Zambezi amalipira txopela kapena njinga yamoto, kapena amatuluka kalasi yomaliza isanathe.

Nota ili m'manja mwa ndani

Apa ndi pamene pali chilonda chachikulu, ndipo kuti timvetse chifukwa chake atsikana amakhala chete tiyenera kuona mmene malikisi, amene kuno timati manota, amayendera.

Manota amachokera pa 0 kufika pa 20, ndipo wokhoza amayambira pa 10. M'kati mwa semesita wophunzira amalemba mayeso ang'onoang'ono awiri kapena atatu ndi ntchito zina, ndipo zonsezi zikaphatikizidwa zimapereka nota ya frequência. M'masukulu ambiri, yemwe sanafike pa 10 saloledwa n'komwe kulemba mayeso omaliza, pamene wofika pa 14 akhoza kukhululukidwa mayesowo. Wolephera mayeso omaliza ali ndi mwayi wina, recorrência, umene nthawi zambiri ndi wolipira. Tsono taonani: mayeso ang'onoang'onowo amakonza ndi mphunzitsi mmodzi, kuchonga yekha, kulemba yekha pauta (mndandanda wa manota), ndipo dzina la wophunzira lili pamwamba pa pepala. Kusiyana kwa 9 ndi 10 ndi nota imodzi. Koma cadeira zina zili ndi precedência, kutanthauza kuti wolephera ya chaka choyamba saloledwa kutenga yotsatira yake. Wolephera akhoza kutaya bolsa, thandizo la ndalama zophunzirira. Ndipo pa nthambi yaing'ono, pamene katswiri wa phunzirolo ndi mmodzi, wobwereza adzapeza mphunzitsi yemweyo chaka chamawa. Munthu wa mtima woipa safunika kuopseza mokweza. Amangoti "nota yako ili ndi vuto, udzandipeze tikambirane", n'kutchula malo amene si ofesi, nthawi imene si ya ntchito.

Aphunzitsi ambiri sachita zimenezi, ndipo si bwino kuwapaka matope onse. Vuto n'lakuti dongosolo lake limateteza wochitayo mofanana ndi wosachita, chifukwa palibe diso lachiwiri.

Pa monografia, kafukufuku amene wophunzira amalemba pomaliza digiri, zinthu zimathina kwambiri. Wophunzira sangapite pamaso pa júri (gulu la aphunzitsi oyesa) kukateteza ntchito yake woyang'anira asanasaine kuti yakonzeka. Kuyang'anirako kumachitika anthu ali awiri, nthawi zambiri popanda cholembedwa chosonyeza kuti anakumana liti ndipo anagwirizana chiyani. Woyang'anira akhoza kusunga chaputala miyezi inayi osanena kanthu, ndipo palibe lamulo limene waphwanya pooneka. Anzake a mtsikanayo avala mikanjo, iye akadali kulipira lendi, ndipo kumudzi akufunsa kuti sukulu yakeyo imatha liti.

Chiwembuchi chimapwetekanso amene sanakhudzidwe. Mtsikana akapeza 17 pa phunziro lovuta, manong'onong'o amayamba akuti wakhoza ndi thupi. Ena amafika posiya kufunsa mafunso m'kalasi ndi kupewa ofesi ya mphunzitsi wamwamuna ngakhale pa nkhani yoyenera, kuopa kunenedwa. Potero amataya chinthu chimene anyamata amapeza mosavuta: kudziwika kwa mphunzitsi amene mawa adzalemba kalata ya umboni kapena kusankha womuthandiza pa kafukufuku.

Wophunzira amene zamugwera ali ndi zochita, ngakhale si zophweka. Pepala lililonse lochongedwa alisunge, ndipo pauta ikaikidwa aijambule tsiku lomwelo. Akaona kuti nota si yake, apemphe revisão (kuti pepala lichongedwenso) molemba, kudzera ku secretaria, osati pakamwa kwa mphunzitsiyo. Nthawi yopemphera imakhala masiku ochepa chabe manota atatuluka, ndipo yalembedwa mu regulamento pedagógico, buku limene ophunzira ambiri amamaliza sukulu asanalitsegule. Kalata iliyonse ikhale ndi makope awiri, ndipo imodzi adindepo chidindo cha tsiku n'kubwerera nayo, chifukwa kalata yopanda chidindo imasowa mosavuta. Mauthenga a pa WhatsApp asawafufute chifukwa cha manyazi kapena kuopa mwamuna wake: awajambule nambala ndi tsiku zikuoneka, n'kuwatumiza ku imelo yake, popeza foni imabedwa kapena kuwonongeka. Zonenedwa pakamwa azilembe tsiku lomwelo, malo ndi ola, ndipo auze munthu mmodzi wodalirika amene angadzachitire umboni.

Njira zodandaulira ndi ziwiri ndipo imodzi siitseka inzake. Ya m'kati mwa sukulu imatsegula mlandu wa mwambo wa pantchito. Ya kunja ndi ya upandu, chifukwa malamulo a milandu a 2019 amati assédio sexual, kukakamiza munthu zachiwerewere pogwiritsa ntchito udindo, ndi mlandu. Dandaulo likhoza kupita ku polisi, ku ofesi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, kapena ku Procuradoria, ofesi ya boma yoimba milandu, ndipo wopanda ndalama ya loya akhoza kupempha thandizo ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti dandaulo la m'kati limafikira kwa mkulu wa dipatimenti, amene amadya nsima limodzi ndi wodandaulidwayo, ndipo pamene nkhani ikufufuzidwa, wodandaulidwayo akupitiriza kuchonga mapepala a wodandaula. N'chifukwa chake m'kalata yomweyo wophunzira ayenera kupempha momveka kuti mapepala ake achongedwe ndi munthu wina kapena apatsidwe woyang'anira wina. Akapanda kulemba, palibe amene adzamuganizire.

Mimba ndi nkhani ina. Wantchito ali ndi tchuthi cha uchembere, koma wophunzira kawirikawiri alibe. Makalasi a mu labotale ndi a kuchipatala amawerenga masiku ojomba, ndipo wopitirira malire amachotsedwa pa mayeso. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kungosowa. Wongosowa amalembedwa kuti walephera cadeira zonse, pamene wopempha anulação de matrícula (kuimitsa maphunziro mwalamulo) nthawi ikadalipo, ndi kalata ya kuchipatala, amasunga malo ake ndi mbiri yoyera. Mnyamata amene anapereka mimbayo, ngakhale ali m'kalasi yomweyo, sajomba ndi tsiku limodzi lomwe.

Za estágio, nthawi imene wophunzira amakaphunzira ntchito pamalo a ntchito, tingonena mwachidule. Kumalo ena a ntchito za migodi ndi zomangamanga, nsapato ndi maovolosi zimakhala za misinkhu ya amuna, chimbudzi ndi chogona cha akazi palibe, ndipo woyang'anira amaona kuti chapafupi n'kumuika mtsikana mu ofesi azilemba malipoti. Amabwerako ndi kalata yoti anachita estágio koma sanagwire makina, ndipo pofunsidwa ntchito zimaonekera.

Kwa amene alowa uphunzitsi

Makwerero a ntchitoyi ndi asanu: assistente estagiário, assistente, professor auxiliar, professor associado, ndipo pamwamba professor catedrático. Kuti munthu achoke pa gulu la assistente kulowa pa gulu la professor, njira yake ndi doutoramento, digiri yapamwamba kwambiri. Tiyeni tiwerenge zaka. Womaliza kalasi 12 ali ndi zaka 18 kapena 19 amamaliza licenciatura, digiri yoyamba, ali ndi 23 kapena 24 ngati sanabwereze, ndipo wa udokotala amachedwerapo chifukwa kosi yake ndi ya zaka zisanu ndi chimodzi. Mestrado, digiri yachiwiri, imatenga zaka ziwiri, doutoramento zitatu kapena zinayi, kawirikawiri kupitirira. Maphunziro ambiri otere sapezeka ku Tete: munthu amapita ku Beira, mtunda wa makilomita pafupifupi 600, ku Maputo, woposa makilomita 1,500, kapena ku Brazil, Portugal ndi South Africa. Zonsezi zimagwera pakati pa zaka 25 ndi 38, zaka zomwezo zimene banja ndi achibale akuyembekeza ana.

Mwamuna akapeza bolsa amanyamuka, ana n'kutsala ndi mayi awo, ndipo anthu amamuyamikira. Mkazi akapeza bolsa yomweyo amayamba wapempha kwa mwamuna, kwa apongozi, nthawi zina ndi kwa ankhoswe, ndipo ndalama ya bolsa nthawi zambiri imawerengedwa ya munthu mmodzi, yopanda mwana kapena womulera. Ambiri amati adikire ana akule. Akamadzakonzeka ali ndi zaka 40, amapeza kuti mabolsa ambiri ali ndi malire a zaka. Pa pepala malirewo ndi ofanana kwa onse, koma amene amadulidwa nawo ndi akazi.

Lamulo la ntchito la 2023 linakweza tchuthi cha uchembere kuchoka pa masiku 60 kufika pa 90, ndipo la abambo linafika pa masiku 7. Ogwira ntchito m'boma anali kale ndi masiku 90. Izi n'zabwino, koma zimathandiza amene ali pa ntchito yokhazikika. Aphunzitsi ambiri achinyamata amayamba ndi kontirakiti ya maola, ya semesita imodzi. Wotere akaoneka woyembekezera sachotsedwa ntchito: semesita ikatha sangoitanidwanso, cadeira yake n'kupatsidwa wina, ndipo palibe kalata imene angapite nayo kukadandaula.

Ndiye pali ntchito zimene siziwerengedwa. Pokweza munthu pa udindo amayang'ana digiri, zaka za pa ntchito ndi zimene wafalitsa m'magazini a kafukufuku. Sawerenga kuti ndani analemba mfundo za msonkhano, ndani analandira alendo, ndani anakonza mwambo wa pa 7 Epulo, tsiku la amayi a ku Mozambique, kapena ndani anakhala maola awiri ndi wophunzira wolira mu ofesi. Pa dipatimenti ya amuna khumi ndi akazi awiri, atsikana onse ovutika amathamangira kwa awiriwo, ndipo komiti iliyonse imafuna "mayi mmodzi", amene ndi yemweyo nthawi zonse. Ntchitoyi ndi yofunika, sukulu siingayende popanda iyo, koma imadya nthawi ya kafukufuku. Pamene iye ali mu komiti, mapulojekiti ndi maina olowa pa pepala la kafukufuku zikukambidwa madzulo pa chakumwa, kumene mkazi wapabanja sangakhale popanda kunenedwa. Kenako m'kalasi wophunzira amati "Doutor" kwa mwamuna wa licenciatura, ndi "mãe" kapena "tia" kwa mkazi wa doutoramento. Ambiri amatero mwaulemu, komabe zimasonyeza amene amaonedwa ngati mwini nzeru.

Si kuti zitsanzo zikusowa. Luísa Diogo, wobadwira ku Mágoè m'chigawo chomwe chino, anaphunzira zachuma ku Universidade Eduardo Mondlane ndipo anakhala nduna yaikulu ya dziko kuyambira 2004 mpaka 2010. Lídia Brito, katswiri wa zankhalango, anatsogolera unduna wa maphunziro apamwamba, sayansi ndi luso kuyambira 2000 mpaka 2005. Maina amenewa amatsutsa bodza lakuti mutu wa mkazi sungathe. Koma kuwatchula pa mwambo sikusintha mmene pauta imalembedwera.

Zimene zingasinthe zinthu zambiri sizifuna ndalama yaikulu. Mapepala a mayeso akhoza kukhala ndi nambala m'malo mwa dzina. Mapepala onse a pakati pa 8 ndi 10 akhoza kuonedwa ndi mphunzitsi wachiwiri pauta isanatuluke. Kuyang'anira monografia kukhoza kukhala ndi fomu yosainidwa pa kukumana kulikonse, mu ofesi, nthawi ya ntchito, ndi malire a masiku obwezera chaputala, ndipo wophunzira aloledwe kusintha woyang'anira popanda chilolezo cha amene akumuthawayo. Madandaulo alandiridwe ndi ofesi yosakhala pansi pa mkulu wa nthambi, yokhala ndi munthu wodziwa Chichewa ndi Chinyungwe, chifukwa zinthu zamanyazi munthu amazifotokoza bwino m'chilankhulo cha kwawo kusiyana ndi Chipwitikizi. Eduardo Mondlane ili ndi likulu loona za jenda, CeCAGe, ndipo nthambi za kutali ndi malikulu zikufunika zotere pamalo pomwepo, osati nambala ya foni ya ku Beira kapena ku Chimoio. Malire a zaka pa mabolsa akhoza kuwonjezeredwa chaka chimodzi kapena ziwiri pa mwana aliyense amene mkazi anabereka.

Bungwe la ophunzira kapena la makolo likafuna poyambira, lipemphe ku registo académico, ofesi yosunga mbiri ya ophunzira, ziwerengero zitatu zogawidwa amuna ndi akazi: olowa chaka choyamba pa kosi iliyonse, olephera pa cadeira iliyonse semesita ndi semesita, ndi miyezi imene wophunzira amatenga kuchokera pa kupatsidwa woyang'anira kufika pa tsiku loteteza monografia. Ziwerengerozi zili kale m'makompyuta a sukulu. Cadeira imene atsikana amalephera mobwerezabwereza kuposa anyamata, pamene m'maphunziro ena onse amakhoza mofanana, ndi imene bungwelo liyenera kuyamba kufunsa kuti mapepala ake amachonga ndani.